Mawondo a Mjeremani wa ku Lizulu

A Fryson Kampanje anabadwira ku Lizulu, pamalo pamene msewu waukulu ndiwo malire: mbali ino Malawi, tsidya linalo Mozambique. Anakula akusenza matumba a kachewere ndi kabichi pamsika, kenako anakaphunzira za uphunzitsi, naphunzitsa sitandade faifi zaka khumi ndi chimodzi. Amene anawabweretsa ku Glasgow ndi akazi awo, a Dorica, omwe ndi namwino ndipo anapeza ntchito kuchipatala mu 2004. Chaka chotsatira a Fryson anatsatira ndi mwana wawo wamkazi, Tisunge, ali ndi zaka zinayi. Anafikira ku Sighthill, pansanjika ya nambala 17, m'nyumba zitalizitali zija zimene pano anazigwetsa. Mphepo ikamawomba, madzi m'beseni ankasewera okha.

Mapepala awo a uphunzitsi kuno sanagwire ntchito. Anatsukako mbale, anapangirako katundu m'mashelefu, mpaka anapeza ntchito yosamalira holo ya masewera kufupi ndi Dennistoun, kumene banjalo linasamukira. Ankatsegula 6 koloko m'mawa, kuyatsa magetsi, kukolopa bwalo lamatabwa, kutsitsa mikombero ya basiketibolo. Lamulungu ankavala suti nkukakhala pampando wa akulu ampingo. Anali munthu wosachedwa, wosadandaula, ndipo akuluakulu a holoyo ankangowakumbukira akakhala pa tchuthi.

M'mawa wina mu Novembala 2021, nthawi imene kuno kumacha mochedwa, anatsegula chitseko chakumbali monga mwa masiku onse. Asanafike pa switchi anamva mpira ukugunda pansi m'holo. Katatu, kenako zii, kenako ukonde kuti shwa. Magetsi anali ozima, kunkangowala kanyali kobiriwira ka pamwamba pa khomo. Mpira unagundanso katatu. Ndiyeno mawu aamuna, okhuthala, anayankhula mumdimamo m'Chichewa:

"Ndidzabwera kudzakutenga."

Makiyi anagwa m'manja mwawo. Zaka khumi ndi zitatu akugwira ntchito m'holo imeneyo, anali asanamvemo Chichewa kupatula cha iwo eni akamang'ung'udza nyimbo. Anapapasa khoma, nayatsa magetsi onse nthawi imodzi.

Pamzere woponyera panaima chimunthu chachitali kuposa chitseko, cha khungu lofiirira, mawondo onse awiri atamangidwa mabandeji. Chinaphimba maso ndi dzanja.

"Pepani," munthuyo anatero m'Chingelezi. "Kochi anandipatsa kiyi. Ndimakonda kuponya mumdima, manja amakumbukira bwino. Dzina langa ndi Sandro."

"Mawu munanena aja," a Fryson anafunsa, "munawatenga kuti?"

"Mwawamva? Mukudziwa chiyankhulo chake?"

"Ndi chathu."

Sandro Kühnel anasiya mpira, nakhala pansi pomwepo, miyendo yake yaitali itapindika ngati ya dzombe.

Anali Mjeremani wa zaka makumi atatu ndi zitatu, wosewera basiketibolo ngati ntchito, ndipo timu ya mumzinda imene inkachitira masewera olimbitsa thupi m'holomo inali itangomulemba kumene. Anabadwa mu 1988 mumzinda umene pano amautcha Chemnitz. Mayi ake anali Mjeremani, bambo ake anali mmodzi wa anthu a ku Mozambique amene ankagwira ntchito m'mafakitale a ku East Germany, ndipo anabwezedwa kwawo mu 1990, Sandro ali ndi zaka ziwiri. Sanamvekenso. Mwanayo anakula ali yekha wakhungu lotero m'kalasi monse, ndipo atafika zaka khumi ndi ziwiri anali atapitirira aphunzitsi ake msinkhu. Mpira ndiwo unamupulumutsa ku zibakera za pamsewu. Anasewera zaka zisanu ndi chimodzi mu ligi yaikulu ya kwawo, anaitanidwako kamodzi kukayesedwa ku timu ya dziko koma anamubweza sabata isanathe. Kuchokera apo anayamba kutsika pang'onopang'ono: Austria, Finland, ligi yachiwiri ya ku Spain, ndipo tsopano Glasgow, kumene ankadziwa yekha kuti ndi pomaliza.

Chimene bambo ake anasiya chinali kaseti imodzi. Mayi ake sankamva zimene zinalimo. Sandro anaimvera kambirimbiri ali mwana, natolamo mawu awiri amene ankabwerezedwa kwambiri, ndipo ankawanena nthawi iliyonse asanaponye mpira pamzere uja. Anafunsapo anthu a ku Maputo, koma anamuuza kuti si chiyankhulo chawo. Kenako anangosiya kufunsa.

"Akutanthauza chiyani?"

A Fryson anamumasulira. Sandro anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Ine ndinkayesa ndi pemphero."

Lamulungu lotsatira masana anabwera kunyumba ku Dennistoun, nawerama polowa pakhomo. A Dorica anaphika mpunga ndi nkhuku. Tisunge, yemwe tsopano anali kuyunivesite, anamufunsa za nsapato zake m'Chingelezi chake chothamanga cha ku Glasgow, ndipo atatha kudya analowa kuchipinda. Sandro anaika foni patebulo. Kaseti ija anali ataisamutsira m'menemo.

Poyamba kunamveka phokoso ngati mvula pa malata, kenako kamwana kulira chapatali, kenako munthu kukhosomola.

"Sandro, mwana wanga, ndine bambo ako, Armando. Akutithamangitsa. Ndikupita kwathu, koma ndidzabwera kudzakutenga. Kwathu n'kuphiri, kufupi ndi msika wa Lizulu. Kumazizira ngati kuno, sudzavutika."

A Dorica anayang'ana amuna awo. A Fryson ankamasulira chiganizo chimodzichimodzi, maso ali pa foniyo. Munthu wa m'kasetiyo anatchula mayina a azichemwali ake, anafotokoza za ng'ombe za bambo ake, anabwereza lonjezo lija kanayi. Chakumapeto anakhala chete nthawi yaitali, mpaka a Fryson anayesa kuti yatha. Ndiye mawuwo anabweranso, pafupi kwambiri, ngati wasendeza pakamwa.

"Ndi inu amene mudzamumasulire mwana wangayu mawu awa, sindikukudziwani, koma ndakupatsani moni. Ndinu wakwathu. Musadzamubisire kanthu."

A Fryson anamasulira moniyo. Chiganizo chomaliza anachimeza.

Anafunsa funso limodzi lokha: "Bambo akowo zala zawo zinali zonse?"

Sandro sankadziwa. Analembera mayi ake pafoni, ndipo tiyi asanazizire yankho linabwera. Zala ziwiri za dzanja lamanzere zinadulidwa ndi makina a nsalu, chaka chimene Sandro anabadwa.

"Mwafunsiranji?"

"Ambiri ankavulala m'mafakitale," a Fryson anatero, natola makapu kupita nawo kukhitchini, ntchito imene sankaigwira kukakhala alendo.

Mlendo atachoka, a Dorica anatseka chitseko nawatsatira.

"Bambo a Tisunge, mwasiya mawu. Ine ndamva."

Ndipo a Fryson anawauza nkhani imene m'zaka zonse za ukwati wawo anali asanaitchulepo.

Kumapeto kwa 1990, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati ndipo Lizulu atadzaza ndi othawa kwawo, pamsika panafika munthu wamtali modabwitsa, atavala jekete lachikopa, akukankha njinga yamoto. Anali atachokera ku Germany, napeza mudzi wakwawo tsidya lija uli phulusa, abale ake atamwazikana. Anabwereka kachipinda kuseri kwa chigayo. Dzina lake palibe ankalisamala, aliyense ankangoti Mjeremani. Ankayenda m'misasa kufunsa za azichemwali ake, madzulo nkumayankhula yekha chiyankhulo chachilendo. Njinga ija anagulitsa, jekete anagulitsa. Mu Febuluwale, mvula ili pachimake, anamupeza m'mawa atauma.

A Fryson anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, mmodzi wa adzukulu a mudziwo. Mkulu wa adzukulu, a Flywell, anawapatsa bango kuti akayeze mtembo asanayambe kukumba. Anapita okha. Atasuzumira pakhomo anaona mapazi atapitirira mphasa, dzanja la zala zitatu lili pachifuwa, maso ali chitsegukire, akuyang'ana pakhomo pomwepo. Sanalowe. Anaimika bango pambali pawo, nawonjezera chikhatho chimodzi pa msinkhu wawo, nathyola.

Anakumba motsatira bangolo. Pansi anapeza thanthwe, mvula inayamba, ndipo mtembo utafika wokulungidwa m'mphasa, sunakwane m'kachipinda ka m'mbali mwa dzenje. Unatsala pafupifupi phazi lathunthu. Panalibe mbale wake woti akwiye. A Flywell anayang'ana kumwamba, nayang'ana a Fryson.

"Wayeza ndiwe. Tsika ukapinde."

"Anali atauma gwa," a Fryson anauza akazi awo. "Ndinaponda bondo ndi phazi. Linalira ngati phesi louma."

A Dorica anapitiriza kupukuta mbale imene inali youma kale.

"Ndiye mumuuza liti?"

"Ndimuuze kuti chiyani? Kuti bambo ako ndinawathyola miyendo chifukwa cha mantha?"

"Mumuuze kuti anamwalira. Munthuyu akudikirabe."

Koma a Fryson sananene. Disembala anadutsa, Januwale anadutsa. M'mawa uliwonse ankapeza Sandro akuponya mumdima, ndipo tsopano ankayamba kutsokomola ali panja kuti mawu aja asawapeze okha. Ankamuthandiza kunyamula ndowa za madzi oundana zoviikamo mawondo. Ankamuphunzitsa moni. Sandro anayamba kuwaitana kuti amalume, ndipo dzinalo linkawalasa.

Tsiku lina ali chiviikire miyendo, Sandro anati, "Madokotala amati mawondo anga atha monga amathera a wosewera aliyense, koma ululu wake sakuumvetsa. Ndikathamanga ndimakhala bwino. Vuto ndi kugona. Sindingathe kugona nditawongola miyendo, kuyambira ndili wamng'ono. Mayi amati zinayamba ndili ndi zaka pafupifupi zitatu. Ndinkadzuka ndikukuwa, mpaka atandipinda chonchi."

Anakweza mawondo kufika pachifuwa, napendeka kumbali.

A Fryson anatuluka, nakaima m'kachipinda kosungira mamopu. Anawerengera miyezi ndi zala. Sandro anabadwa mu Epulo 1988, ndiye Febuluwale wa maliro uja anali atatsala miyezi iwiri kukwanitsa zaka zitatu.

Atawauza a Dorica, iwo anayankha ngati namwino.

"Ana aatali mafupa amawawa pokula. Anthu a msinkhu umenewo mawondo savuta kutha. Ndaona ambiri. Inu chikukudyani si mzimu, ndi chimene mwameza."

"Nanga mwezi wake?"

"Mayi ake anati pafupifupi. Pafupifupi si deti."

A Fryson anapita kwa abusa, koma atakhala pampando anangokamba za denga la tchalitchi.

Mu Malichi Sandro anawapatsa matikiti awiri a masewera a Lamulungu masana. Kanali koyamba a Fryson kuonera basiketibolo ali pampando, osagwira mopu. Anthu anali ambiri, ng'oma zikulira, ana akugwedeza zikwangwani. Sandro anasewera bwino tsiku limenelo. Pansi pa mkombero panali pake, anyamata a timu inayo ankangogunda pachifuwa chake nkubwerera. Kawiri konse anaima pamzere woponyera, nagunda mpira katatu, ndipo a Fryson anaona milomo yake ikuyenda.

M'chigawo chachitatu mpira unagunda chitsulo cha mkombero nkukwera m'mwamba. Sandro analumpha yekha, popanda womukhudza, naugwira ndi manja awiri. Iye akutsika, a Fryson anamva phesi louma likuthyoka. Analimva bwinobwino, pakati pa ng'oma ndi mfuu wonsewo, ngati lathyokera pansi pa phazi lawo. Sandro anagwa chammbali, mawondo ali pachifuwa, mpira akadaugwira.

"Mwamva?" a Fryson anafunsa akazi awo.

"Kumva chiyani? Phokoso lonseli?"

Anamuchita opaleshoni, ndipo madokotala anamuuza kuti kusewera kwatha. Patapita masabata awiri a Fryson anakwera sitima kupita ku Partick, kumene Sandro ankakhala pansanjika yachiwiri pamwamba pa shopu yometera. Anamupeza pasofa, mwendo uli m'zitsulo, makatoni ali mbwee pansi. A Fryson anakana tiyi. Anavula chipewa, nakhala pampando wa kukhitchini, nanena zonse kuyambira pa njinga yamoto mpaka pa phazi lawo. Anamasuliranso chiganizo chija anachimeza.

Sandro anamvetsera osawadula. Panja basi inaima, inanyamukanso.

"Anafa liti?"

"Febuluwale 1991."

"Miyezi isanu chichokereni." Anapukusa mutu. "Ine ndinkadana nawo, amalume. Ndinkati ali ndi banja lina, ana ena, akudya bwino. Ndinkati ndikadzatchuka adzandiona pa TV nkuchita manyazi."

"Ndikhululukire, mwana wanga."

"Munayamba kuponda bondo liti, lamanja kapena lamanzere?"

A Fryson anatseka maso. Anaona matope, anaona mphasa yonyowa, koma mbali sanaikumbukire.

"Sindikudziwa."

"Zili bwino. Musakumbukire." Sandro anagwira zitsulo za pa mwendo wake. "Bondo ili ndalithyola ndekha, zaka makumi awiri ndikulumpha pa matabwa. Za kukhululuka sindinganene lero. Koma mukandionetse pamene ali."

Anapita limodzi mu Julayi chaka chotsatira, Sandro atayamba kuyenda ndi ndodo imodzi. A Fryson anali atatha zaka zisanu ndi zitatu osafika kwawo. Minibasi inawatsitsa ku Lizulu tsiku la msika, nthawi ya m'mawa, chifunga chisanachoke paphiri. Sandro atangowongoka pambali pa msewu, mayi wina wachikulire wogulitsa tomato anaimirira, lichero linagwa, tomato nkumagubuduka mpaka pa phula. Mayiyo sanakuwe. Anabwerera cham'mbuyo, dzanja lili pakamwa, akunena chinthu chimodzi chokha: "Tinakuika iwe. Tinakuika."

Anali a Rozina, amene kale ankaphika pafupi ndi chigayo. Zinatenga nthawi kuti akhale pansi, ndipo ngakhale a Fryson anawafotokozera, iwo sanafune kuyang'ana nkhope ya Sandro. Ankayankhula akuyang'ana ndodo yake. Anati Mjeremani ankadya kwa iwo, ndipo ndi iwo okha amene ankamuitana dzina lake. Anati masiku ake omaliza ankatentha thupi, koma anakana kupita kuchipatala ku Dedza chifukwa ankayembekezera kalata. M'mawa uliwonse ankaima pamsewu pomwe panaima Sandro, kudikira basi ya makalata.

Sandro anati mayi ake analemba makalata asanu ndi awiri, onse kupita ku adiresi ya mudzi umene unapsa uja.

A Flywell anali akadali moyo, atakalamba, diso limodzi litachita ng'ala. Atapempha chilolezo kwa eni manda, anawatsogolera m'nkhalango, akukankha zitsamba ndi ndodo. M'mitengomo munali duu, mbalame osamveka. Kumapeto, kumene ankaika alendo, kunali timitumbira tambiri tophwa, topanda mtanda, ta anthu a nthawi ya nkhondo. A Fryson sakanatha kusiyanitsa. A Flywell anayenda molunjika, naima pa kena kamene kanali ndi mwala wosongoka kumutu.

"Apa. Mwala uwu ndinaika ndine, tsiku lotsatira. Nanenso sindinagone."

Sandro anaima nthawi yaitali. Kenako anapatsa a Fryson ndodo, natsika movutikira mpaka kukhala pansi pa masamba, mwendo wovulala uli tambalale. Anayankhula m'Chijeremani, motsitsa, mwina mphindi khumi. Palibe anamumasulira. Atatha anatembenukira kwa a Fryson.

"Mudzina lawo mulibe chilembo chovuta. Mmisiri angathe kulemba mawa?"

Anamanga chiliza cha simenti masiku atatu. A Rozina anabwera tsiku lomaliza ndi thobwa, ndipo pochoka anagwira Sandro padzanja, nawerenga zala zake chimodzichimodzi asanamusiye. Anafunafuna azakhali a Sandro sabata yathunthu tsidya la Mozambique, mpaka ku Ulongwe, koma sanapeze wowadziwa.

Sandro anabwerera ku Chemnitz, kumene pano amaphunzitsa timu ya atsikana. Amayenda motsimphina. Amaimba foni kamodzi pa mwezi, ndipo za kukhululuka sanazitchulebe, ngakhale kuti sanasiye kuwatcha amalume. A Fryson sanamufunsepo ngati tsopano amagona atawongola miyendo. A Dorica amati afunse, iwo amati adzafunsa.

A Flywell anamwalira mu Novembala chaka chomwecho. A Fryson sanathe kupita. Mphwawo wina anawaimbira foni ali kumanda kuti amvere nawo mwambo, ndipo iwo anamvera ali chiimire m'khonde la holo, ana a sukulu akuthamanga ndi kukuwa kuseri kwa khoma. Nyimbo zinkaduka chifukwa cha netiweki. Anamva makasu akugunda dothi, kenako mphwawoyo anati mvula yayamba, adzaimbanso.